Mfundo zimene munthu amapachikapo moyo wake mumtengo

M'mizinda ya ku Ulaya ndi ku America mtengo ukadwala, kapena nthambi yake ikaweramira padenga la nyumba, sathamangira kuugwetsa. Amaitana munthu wodziwa kusadza mitengo. Iye amaponya kachingwe kopepuka pamphanda ya m'mwamba, n'kukokerapo chingwe chachikulu, n'kukwera nacho macheka a injini akulendewera m'chiuno. Amatha kukhala m'mwambamo theka la tsiku, akuyenda panthambi mpaka kunsonga, manja onse awiri ali pantchito. Chomugwira kuti asagwe si manja akewo. Ndi kachingwe kakafupi kamene wakapiringiza pachingwe chachikulu n'kukakoleka pa lamba wa m'chiuno.

Mfundo ya kachingwe kameneka ili ndi khalidwe lake. Mfundo zina zonse timamanga kuti zisasunthe, koma iyi imamangidwa kuti iziyenda mwini akafuna, izigwira akapanda kufuna. Ukaikankha ndi dzanja imatsetsereka pachingwe. Ukaisiya n'kuitsamira ndi thupi, imaluma.

Zilipo zambiri: Prusik, tautline, Blake's hitch, Schwabisch, Distel, Michoacán, Knut, ndi Valdotain tresse imene amangoti VT. Okwera mitengo akakhala pansi kumwa tiyi sachedwa kukangana kuti yoposa zonse ndi iti, ndipo aliyense amaikira kumbuyo yake ngati timu ya mpira. Ine ndimaona kuti ambiri amasankha poganizira tsiku limene dzuwa lawala, chingwe chili chouma, thupi lili ndi mphamvu. Tsiku lotero mfundo iliyonse imagwira ntchito. Loyenera kuliganizira ndi lija mvula yagwa, manja achita dzanzi, mutu uli kwina.

1. Mfundo muziiyesa ndi zimene imachita inu mutaisiya

Kagwiridwe ka mfundo zonsezi n'kamodzi. Kulemera kwa thupi kumakoka nsonga za kachingwe, mikombero yake n'kufinya chingwe chachikulu. Wokwera akafuna kutsika amaika zala ziwiri kapena zitatu pamwamba pa mikomberoyo n'kukanikizira pansi pang'ono. Imalekerera, iye n'kumatsika. Akachotsa zala imagwiranso.

Vuto lili m'thupi la munthu. Phazi likaterereka pakhungwa lonyowa, dzanja silifunsa mutu, limangombwandira chili pafupi, ndipo chili pafupi, pamaso penipeni, ndi mfundoyo. Kuimbwandira ndiko kuimasula. Munthu amayamba kutsika mothamanga, mantha n'kukula, iye n'kufinyitsitsa, liwiro n'kuwonjezeka. Amakafika pansi atagwiritsitsa chinthu chimene chikanamuimitsa akanangochisiya.

Ndinaonererapo mphunzitsi wina ku England, bambo wa imvi, akulimbana ndi zimenezi. Anakweza mnyamata mamita awiri okha pamtengo wa oak, n'kumuuza kuti atsike. Ali pakati, mphunzitsiyo anakuwa kuti, "Manja m'mwamba!" Mnyamatayo anamva bwinobwino, koma zala zinakana. Anatera ndi matako, anzake n'kuseka. Bambo uja sanaseke. Anamukwezanso, n'kukuwanso, anamukwezanso, mpaka dzanja linaphunzira kuthawa mfundo lisanaganize. Kenaka anamuuza kuti alendewere ngati wakomoka, mutu utagwera kumbuyo, mikono ili lende. Anzake onse anayang'ana kachingwe kaja kuti aone ngati kakuyenda. Sikanayende.

Funso loyamba posankha mfundo likhale limenelo. Mavu akakulumani pankhope, kapena nthambi imene mwadula ikabwerera n'kukumenyani pamutu, kodi idzagwira yokha, nthawi yomweyo, popanda kuikonza ndi chala? Ngati imafuna kuti muziisisita kaye, ndiye kuti imadalira inu, pamene inu mumayesa kuti mukudalira iyo.

2. Palibe mfundo yabwino payokha

Dzina la mfundo silinena zonse. Chingwe chokwerera chimanenepa mamilimita 11 mpaka 13, kachingwe ka mfundo mamilimita 8 mpaka 10. Kakachepa kwambiri poyerekeza ndi chingwe chachikulu kamaluma mopitirira, n'kukanirira moti kuti mukamasule muyenera kuimirira panthambi n'kukatokosa ndi zikhadabo. Kakanenepa mofanana nacho, mfundo monga Prusik imangoterera. Kachingwe kofewa kamakumbatira bwino, kouma kamasiya mipata. Chingwe chatsopano chimaterera, chakale chimene chatuluka ubweya chimagwira msanga. Mvula imasintha zinthu. Utomoni wa paini ukamata pachingwe, mfundo imene m'mawa imayenda mofewa imauma gwa pofika masana. Utuchi ukalowa m'mikombero nawo uli ndi zake.

Ndiye palinso munthu mwini. Mtsikana wa makilogalamu 55 ndi bambo wa makilogalamu 100, atavala nsapato zolemera ndi macheka m'chiuno, sangamange mofanana. Mikombero inayi imene ikumukanirira mtsikanayo mwina ikumutsetseretsa bamboyo pang'onopang'ono, ndipo iye afunika yachisanu. Ngakhale utali wa kachingwe, kusiyana kwa masentimita asanu okha, kumasandutsa mfundo yomvera kukhala yamwano.

N'chifukwa chake munthu akanena kuti Distel ndiyo yokha, sakunama. Akunena zoona za chingwe chake, kachingwe kake, thupi lake ndi mitengo ya kwawo. Bernd Strasser wa ku Germany anapambana kambirimbiri mpikisano wa dziko lonse wokwera mitengo, ndipo dzina lake limatchulidwa pamodzi ndi mfundo ya Schwabisch. Kutengera mmene iye amamangira si kulakwa. Kulakwa n'kuganiza kuti poti yagwira katswiri igwiranso inu musanaiyese pa zida zanu. Uphungu wabwino umafunika kuusoka kuti ukwane pathupi la woulandira, ndipo wousoka ndi woulandirayo.

3. Yambani ndi imene mungamange muli ndi chingwe chokha

Kwa zaka zambiri okwera mitengo a ku America ankadalira tautline, yomangidwa ndi nsonga ya chingwe chokwerera chomwecho. Inali ndi zovuta ziwiri. Imakanirira ikasenza katundu, ndiponso mchira wake umakwawa pang'onopang'ono kufuna kusololoka. Blake's hitch itabwera inachepetsa zonse ziwirizi, ndipo mpaka lero ndiyo imene ambiri amayambira. Mumapiringiza nsonga ya chingwe kanayi mokwera, n'kutsitsa mchira, kuudutsitsa kumbuyo kwa chingwe choimirira, n'kuulowetsa m'mikombero iwiri ya m'munsi. Sifuna kachingwe kapadera.

Ndi yolemetsa, zimenezo n'zoona. Pokwera umakoka chingwe ndi dzanja limodzi, lina likukankha mfundo, ndipo pofika pamwamba mapewa amakhala atamva. Achinyamata ena masiku ano amayambira pa zipangizo zachitsulo monga ZigZag ya kampani ya Petzl, zimene zimagwira ntchito ya mfundo mosavuta. Sindikuzinyoza. Koma chitsulo chimagwa m'manja. Kachingwe nako kamapulumuka uli mamita 20 m'mwamba, ukukayang'ana kakukodwa panthambi ya m'munsi imene sungaifikire. Nthawi zina umafuna chogwirira chachiwiri kuti ufike kunsonga ya nthambi yayitali, ndipo chimene uli nacho ndi mbali inayo ya chingwe chako. Pamenepo wodziwa Blake's hitch amamanga n'kupitiriza ntchito, wosadziwa amayamba kuitana anthu apansi.

Dzina la mfundoyi lili ndi nkhani yake. Heinz Prohaska wa ku Austria anailongosola mu 1981, n'kuilembanso mu 1990 m'magazini ya olowa m'mapanga yotchedwa Nylon Highway. Jason Blake anaitulukira payekha n'kuilemba m'magazini ya Arbor Age mu 1994, ndipo poti amene anawerenga anali okwera mitengo, dzina linapita kwa iye. Karl Prusik, wa ku Austria yemweko, anali ndi mwayi, chifukwa mfundo imene anaonetsa okwera mapiri mu 1931 ikutchedwabe ndi dzina lake. Imene anatulukira Martin Morales ikudziwika ndi dzina la chigawo cha Michoacán ku Mexico. Dzina limatsata amene wamveka, osati amene anayamba, ndipo munthu wolendewera pachingwe alibe nazo ntchito zimenezo bola mfundoyo yagwira. Wogwira ntchito kuti atchulidwe aganizirepo za Prohaska.

4. Zofanana pamaso sizifanana pogwira

Mchira wa Blake's hitch ukadutsa kutsogolo kwa chingwe choimirira m'malo mwa kumbuyo, imatuluka mfundo yooneka chimodzimodzi kwa munthu wongoyang'ana mothamanga. Okwera anaipatsa dzina lachipongwe loti suislide, kuphatikiza mawu a Chingerezi otanthauza kudzipha ndi kutsetsereka. Imatha kugwira ukaitsamira koyamba, n'kudzalekerera pambuyo pake uli kale m'mwamba.

Pachifukwa chimenechi aphunzitsi amati kumanga kuli patatu: kumanga, kukonza, kukhwimitsa. Ukamanga uyale mikombero kuti igone mwadongosolo, wina usakwere pa unzake, ndipo kenaka uikoke ndi thupi lonse phazi lili pansi. Amene amadumpha ziwiri zotsirizazi nthawi zambiri si ophunzira. Wophunzira amaopa, amayang'ana kawiri. Wodumpha ndi amene wamanga mfundoyo kwa zaka khumi, akucheza ndi mnzake, maso ali kwina, manja akudziyendera okha. Luso likakula limabwera ndi ulesi wake wa maso.

5. Kunsonga kuzikhala chotsekera

Blake's hitch ndi tautline zimasiya mchira womasuka, choncho pamchirapo pamangidwe mfundo yotsekera yooneka ngati nambala 8. Kunsonga ya pansi ya chingwe chokwerera kumangidwenso ina, chifukwa mtengo umatha kutalika kuposa chingwe, ndipo wotsika sayang'ana pansi nthawi zonse. Ndi ntchito ya masekondi asanu imene palibe amene adzakuyamikireni.

6. Yokoma kwambiri ndiyo yofuna maso kwambiri

VT inachokera kwa okwera mapiri, ndipo dzina lake likuloza ku chigwa cha Aosta kumpoto kwa Italy. Imamangidwa ndi kachingwe ka maso awiri: mikombero itatu kapena inayi pamwamba, kenaka miyendo iwiri ya kachingweko imalukana motsika pachingwe chachikulu mpaka kukakumana pa karabina, chokolekera chachitsulo cha pa lamba. Pansi pake amaikapo kawilo, monga Hitch Climber ya kampani ya DMM ya ku Wales, kamene kamakankha mfundo yokha wokwera akamakoka chingwe. Amene waikwerapo amadziwa chifukwa chake anthu amaikonda. Imamasuka ndi chala chimodzi ngakhale yasenza thupi lonse. Pobwerera kuchokera kunsonga ya nthambi umangokoka chingwe ndi dzanja limodzi, lina lili pamtengo. Ukaona katswiri akudumpha kuchoka panthambi ina kupita pa ina, kawirikawiri ndi imeneyi kapena m'bale wake.

Koma chimene chimaipangitsa kumasuka msanga ndi chomwecho chimene chimaichedwetsa kugwira. Ikakhala yopanda katundu imatambasuka, malukidwe aja amafutukuka, ndipo ukaitsamira mwadzidzidzi imatha kutsetsereka isanalume. Kachingwe kakatalika pang'ono vutoli limakula. Woikwera ayenera kukhala ndi chizolowezi choiyang'ana nthawi iliyonse asanakhale pa lamba wake, ndiponso kuikweza ndi dzanja kuti mikombero ya pamwamba igone.

Distel, Michoacán ndi Knut zili pakatikati. Sizifewa ngati VT, sizikanirira ngati Prusik, ndipo zimasunga maonekedwe ake ngakhale zisanasenze kanthu. Kwa munthu wochoka pa Blake's hitch, ine ndingamulozere kumeneko kaye, akhaleko chaka, adziwe mmene mfundo yake imachitira m'chilimwe ndi m'dzinja, pa oak ndi pa paini. Pali okwera ena amene sabata iliyonse amabwera ndi mfundo yatsopano imene aiona pa YouTube, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene manja awo aizolowera. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

7. Kulakwitsa kumabala zatsopano, koma kuyesedwe pansi

Okwera amasimba kuti Distel inabadwa mwangozi. Uli Distel wa ku Germany ankafuna kumanga Schwabisch, imene ili ndi mkombero umodzi m'munsi ndi inayi pamwamba, koma sanatembenuze kachingwe pamene pamafunika kutembenuza, anangopitiriza kupiringiza mbali imodzimodziyo. Chimene chinatuluka chinagwira bwino, mwinanso kumasuka mosavuta kuposa chimene ankafuna, ndipo lero chili m'mabuku ophunzitsira.

Nkhaniyi imakoma, koma muiike pambali pa ya suislide ija. Zonse ziwiri ndi kuphonya kamodzi kokha pomanga. Ina inatuluka mfundo yodalirika, ina msampha. Womanga sangadziwe pongoyang'ana kuti wagwera mbali iti. Pamene pamasiyanitsa munthu wofufuza ndi munthu wosasamala ndi malo amene akuyesera. Lamulo la okwera ndi lakuti chatsopano chilichonse chiyesedwe pafupi ndi nthaka ndiponso mosathamanga, kaya ndi mfundo yatsopano, kachingwe katsopano pa mfundo yakale, kapena chingwe chatsopano pa kachingwe kakale. Ukhale pa lamba mapazi atangochoka pansi, udzigwedeze, utsike pang'ono, usiye, uone ngati yagwira. Unyowetse chingwe uyesenso. Munthu waufulu woyesa zinthu ndi amene wadzikonzera pogwera pafupi.

8. Chosapsa chimapsereza china

Munthu akamatsika, kulemera kwake konse kumasanduka moto pamalo aang'ono pamene kachingwe kakukhuzana ndi chingwe. Wotsika mothamanga kuchokera pamwamba akagwira mfundo yake pofika pansi amachotsa dzanja msanga. Ulusi wa polyester umasungunuka pa madigiri pafupifupi 250. Dyneema, imene ndi yolimba modabwitsa ukaikoka, imasungunuka pa madigiri pafupifupi 150 okha, choncho siyenera kukhala kunja kwa kachingwe ka mfundo ngakhale pang'ono. Apa mphamvu yokoka siithandiza. Chingwe chimene chingakoke galimoto chimatha kuduka ndi kutsika kumodzi kwa munthu wopupuluma.

Opanga zingwe anayankha ndi ulusi wa aramid monga Technora, umene susungunuka, umangopserera pa madigiri pafupifupi 500. Tizingwe tambiri ta masiku ano ndi tosakaniza ulusi wotere ndi polyester. Koma moto sunathe, wangosamuka. Kachingwe kosapsa kakatentha, chimene chimalandira kutenthako ndi chingwe chachikulu cha polyester, chodula kwambiri, chimene chanyamula zonse. Mukadzachiyendetsa m'manja mudzapeza mzere wonyezimira, wouma, pamene ulusi unasungunuka n'kuumanso. Aramid nayonso ili ndi zofooka zake, sigwirizana ndi dzuwa ndiponso imathetheka m'kati ikamapindidwa pamalo amodzimodzi.

Ndimaganiza za akapitawo ena amene satopa, sadwala, sadandaula, ndipo amadabwa kuti anyamata awo sakhalitsa pantchito. Kupirira kwa munthu mmodzi nthawi zina amalipira ndi amene ali naye pafupi. Mumtengo mankhwala ake ndi osavuta: tsikani pang'onopang'ono, muziima.

9. Musaisenzetse katundu amene si wake

Pa kakweredwe kakale chingwe chimakwera pamphanda n'kubwerera kwa wokwera, choncho kulemera kumagawika pawiri ndipo mfundo imasenza pafupifupi theka. Pa kakweredwe ka chingwe chimodzi choima, kamene kafala chifukwa kamapulumutsa mphamvu pamitengo italiitali, mfundo imasenza thupi lonse. Distel yomweyo imene dzulo imamvera chala, lero imaluma osamasukanso, kapena ukaikakamiza imalekerera kamodzin'kamodzi. Kevin Bingham wa ku Detroit anatulukira kachipangizo kotchedwa Rope Wrench, kamene kamakhala pamwamba pa mfundo n'kupinda chingwe kuti katengeko gawo la katunduyo. Mfundo siinasinthe. Anangoipatsa mnzake.

Prusik nayo ili ndi malire. Ndi yabwino kwa wokwera mokoka chingwe ndi mapazi, chifukwa imagwira mbali zonse ziwiri ndipo sivuta kuiona ngati yamangidwa bwino. Koma pa kakweredwe kameneko manja azikhala m'munsi mwake nthawi zonse, ndipo si yotsikira. Chinthu chikalephera pantchito imene sichinapangidwire, wolakwa ndi amene anachituma.

10. Kachingwe katayidwe kadakaoneka ngati kangathe tsiku lina

Mwa zida zonse za wokwera, kachingwe ka mfundo ndiko kotchipa kwambiri ndiponso ndiko kamatha msanga. Kamapangidwira kuti kazitha m'malo mwa chingwe chachikulu. M'mawa uliwonse kayendetsedwe m'zala. Pamene pauma, pamene panyezimira, pamene paphwatalala, pamene ulusi wa m'kati wayamba kusuzumira, pamene msoko wa diso wayamba kumasuka, zonsezo ndi zifukwa zokwanira. Ndipo kadulidwe ndi mpeni asanakataye, kuopa kuti wina angakatole. Ku Britain lamulo la LOLER la mu 1998 limafuna kuti zida zokwerera ziziunikidwa ndi munthu wodziwa miyezi 6 iliyonse, zolembedwa n'kusungidwa. Ku America muyezo wa ANSI Z133 umati chingwe chokwerera chikhale chopirira mapaundi 5,400, amene ndi makilogalamu pafupifupi 2,450.

Muyezo wa ku Americawu unayamba ndi maliro. Mayi Ethel Hugg a ku New York, mwana wawo atafa akusadza mitengo, analembera makalata akuluakulu a boma ndi mabungwe oona za chitetezo kufunsa chifukwa chake ntchito yoopsa chotere inalibe malamulo. Komiti inakhazikitsidwa mu 1968, muyezo woyamba n'kutuluka mu 1972. Wokwera amene amaona malamulowa ngati chipsinjo cha anthu a mu ofesi akumbukire kuti anawayambitsa ndi mayi woferedwa.

Izi n'zosavuta kunena kumene kuli malamulo ndi owatsatira. Ku Johannesburg ndi ku Pretoria, kumene misewu yadzaza jakaranda ndi mitengo ina ikuluikulu yobzalidwa kalekale, ntchito yogwetsa ndi kusadza mitengo yagwira abale athu ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Zimbabwe. Ena ali m'makampani a zida zokwanira ndi maphunziro. Ena amakwera galimoto ya baki m'mawa, n'kupatsidwa makwerero ndi chingwe chapulasitiki cha ku hadiweya, chimene dzulo chinatsitsa zipika ndipo mawa chimanga katundu. Chingwe chotero, cha polypropylene, chimasungunuka pa madigiri 160 ndi pang'ono, chimaterera, ndipo dzuwa limachidya. Palibe mfundo, kaya ya Prusik kaya ya Distel, imene ingachisandutse chokwerera. Ngakhale chingwe chabwino, chikangotsitsapo chipika sichiyeneranso kunyamula munthu, chifukwa kugwedezeka kwa chipika chakugwa kumachivulaza m'kati mosaoneka.

Ndikudziwa kuti kunena kuti, "Bwana, chingwe ichi sindikwera nacho," n'kovuta kwa munthu wa ganyu amene lendi ikumudikira, kumudzi akuyembekezera ndalama, ndipo pageti pali ena atatu ofuna malo akewo. Sindingamuweruze akakwera. Mlanduwu ndi wa wolemba ntchito amene amawerengera mtengo wa chingwe n'kusiya kuwerengera mtengo wonyamula maliro kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Mzimba kapena ku Mangochi. Koma amene wayamba kupezako kangachepe, chinthu choyamba kugula chikhale chingwe chakechake ndi kachingwe kake, azisunga m'chikwama chake, asabwereke munthu.

11. Mnzanu wa pansi aziidziwa mfundo yanu

Wokwera amayesa kuti mfundo ndi nkhani ya iye yekha, poti wolendewerapo ndi iye. Koma tsiku limene macheka adzamucheke mkono wamanzere, kapena adzakomoke, amene adzagwire mfundoyo ndi wina. Munthu wolendewera pa lamba atakomoka sakhala nthawi yaitali zinthu zisanaipe, ndipo wotaya magazi ndiye alibiretu nthawi yodikira ozimitsa moto, amene makwerero awo mwina safika kuseri kwa nyumba. Ku Britain pamalo pamene wina wakwera pamayenera kukhala mnzake wophunzitsidwa kukwera n'kukamutsitsa. Pa mpikisano wa dziko lonse uja, umene unayamba mu 1976 ku St. Louis, kupulumutsa wovulala ndi gawo limodzi la mayeso, ndipo amakweza chidole cholemera ngati munthu kuti opikisana akachitsitse.

Wopulumutsa akafika pamwamba amakhala ndi dzanja limodzi pa wovulala, lina pa mfundo ziwiri, yake ndi ya mnzakeyo. Akapeza mfundo imene sanaionepo, yokanirira ndi utomoni, kapena yofewa moti kungoikhudza munthu akutsetsereka, mphindi zimatha akuiphunzira. Ngati chingwe cha wovulala chadulidwa, onse awiri amatsikira pa mfundo ya wopulumutsa, imene tsopano yasenza anthu awiri. Iyeneranso kukhala itayesedwapo pa katundu wotero, ndipo nthawi zambiri pamafunika mkombero wowonjezera kapena chipangizo china chothandiza kugwira.

Magulu abwino amachita zimenezi m'mawa, injini isanalire. Wokwera amaitana mnzake n'kunena kuti, "Achimwene, taonani, lero ndamanga Distel, mikombero inayi, kachingwe n'katsopano ndiye kakuterera pang'ono." Mnzakeyo amagwira, amakoka, amamasula ndi dzanja lake kuti amve mmene ikuchitira, n'kuyang'ananso ngati karabina yatsekeka. Amagwirizana kuti ngozi itachitika akwera ndani, aimba foni ndani, adiresi ya pamalopo ndi yotani. Zida za wopulumutsa amazitulutsa m'chikwama n'kuziyala patsinde pa mtengo, osati kuzisiya m'galimoto imene masana ipita kukataya nthambi.